Mmene mungachepetsere utsi wa mathiraki oima injini zikulira pa maulendo ataliatali

Eni mathiraki ambiri anayesapo kulamula madalaivala awo kuti azizimitsa injini akaima, ndipo ambiri mwa iwo anaona lamulolo likungokhala kulemba m'madzi mwezi usanathe. Aliyense amene anagonapo pa mzere wa pa chipata cha Mwanza, Dedza kapena Songwe akudziwa mmene usiku umakhalira: mathiraki ali ndondondo m'mbali mwa msewu, osasuntha, koma injini zikung'ung'udza mpaka mbandakucha, utsi uli tolotolo pa malo pamene anthu akugona, kuphika ndi kugulitsa malonda.

Dalaivala amene amasiya injini ikulira amakhala ndi chifukwa chake. Amaopa kuti akazimitsa siliranso, kapena mpweya wa mabuleki uthawa, kapena m'kebini mutentha mosagoneka, kapena mzere usuntha iye n'kutsalira. Mukachotsa zifukwa zimenezi chimodzi ndi chimodzi, kuzimitsa injini kumakhala kosavuta, ndipo malangizowa atsata njira yomweyo.

Injini ya thiraki yaikulu ikamalira galimoto itaima imamwa pafupifupi malita 3 a dizilo pa ola, ndipo eyakoni, makina oziziritsa m'kebini, ikayatsidwa imatha kumwa koposa apo. Usiku umodzi wa maola 8 ndi malita 24. Kugona kotere kakhumi pa mwezi ndi malita 240, kuposa dilamu yathunthu, mafuta amene sanayendetse katundu ngakhale kilomita imodzi. Lita iliyonse ya dizilo imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7 a mpweya wa carbon dioxide, ndipo pamwamba pa apo pali mwaye wosaoneka ndi maso umene umalowa mpaka mkatikati mwa mapapo. M'chaka cha 2012 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa ya m'mapapo.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

Kope laling'ono ndi cholembera, zokhala m'kebini nthawi zonse.
Kachipangizo koyezera mphamvu ya magetsi, kamene amakaniko amati multimeter.
Burashi ya waya, soda wophikira, girisi pang'ono ndi masipanala a mitu ya batire.
Botolo lopopera lokhala ndi madzi a sopo.
Matabwa awiri olimba otsekereza matayala.
Fani yoyendera magetsi a mavolti 24, neti yoteteza ku udzudzu, zotchingira dzuwa pa magalasi ndi mabulangete awiri okhuthala.
Buku la malangizo la thiraki yanu. Ngati linatayika, funsani makaniko wodziwa mtundu umenewo, chifukwa zimene zimagwira pa Scania kapena Volvo sizifanana m'zonse ndi za Freightliner, Howo kapena Shacman.

Zipangizo zodula monga choziziritsira chogwira ntchito injini itazima kapena hita ya dizilo zitchulidwa m'munsimu, koma musathamangire kugula musanachite masitepe atatu oyambirira.

1. Yezani kaye maola amene injini ikulira pachabe

Kwa milungu iwiri musasinthe kalikonse, ingolembani. Nthawi iliyonse thiraki ikaima kupitirira mphindi 5 injini ikulira, dalaivala alembe malo, nthawi yoyambira, nthawi yothera ndi chifukwa chake m'mawu ochepa: kutentha, mzere, kupopa mpweya, kuopa batire. Mathiraki ambiri amakono amasunga okha chiwerengero cha maola a injini ndiponso maola amene yalira itaima, ndipo chimaoneka pa dashibodi kapena makaniko akalumikiza kompyuta. Amene muli ndi makina olondolera galimoto mukhoza kupezanso chiwerengerochi pamenepo.

Chenjezo: mwini thiraki asasandutse kopeli kukhala umboni wodulira munthu malipiro. Dalaivala akangonunkhiza chilango alemba zokomera bwana, ndipo mukhala ndi kope loyera bwino lomwe silikuthandizani chilichonse.

2. Konzani mabatire, sitata ndi olitaneta

Ili ndilo tsinde la nkhani yonse. Munthu amene anakanikapo kuliza thiraki yodzaza katundu pakati pa Tete ndi Cuchamano, n'kumapempha anzake zingwe zojampira dzuwa likuswa mtengo, simungamuuze kuti azimitse injini ngati mabatire ake ndi omwewo. Thiraki ya matani 30 siikankhika ngati minibasi.

Mathiraki ambiri a kuno amayendera mavolti 24, kuchokera ku mabatire awiri a mavolti 12 olumikizidwa motsatizana. Zimitsani injini ndi magetsi onse, dikirani maola angapo, kenaka yezani batire lililonse palokha. Batire lodzaza limaonetsa mavolti 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti mphamvu yatsala pafupifupi theka. Ngati limodzi likuonetsa 12.6 ndipo linzake 12.1, lofookalo likukokera pansi lamphamvulo, ndipo muyenera kusintha onse awiri pamodzi, a mtundu ndi msinkhu wofanana. Lizani injini n'kuyeza mabatire onse pamodzi: olitaneta, imene imatchaja mabatire, ikakhala yabwino imafikitsa chiwerengero pafupi ndi mavolti 28. Ikalephera kufika 27, onani lamba kaye musanaweruze olitaneta.

Yang'anani mitu ya mabatire. Zoyera ngati ufa kapena zobiriwira zimene zimamera pamenepo zimatsekereza magetsi, moti sitata imangoti kete, kete, batire lili bwinobwino. Masulani chingwe cha negative, cha ku mutu wa chizindikiro cha (-), poyamba, tsukani mituyo ndi madzi a soda ndi burashi, umitsani, mangani zolimba pomalizira ndi negative yemweyo, n'kupaka girisi pang'ono. Onaninso chingwe chimene chimalumikiza injini ku chasisi, pakuti chimenechi chimaiwalika kawirikawiri.

Ngati thiraki yanu imayendera mavolti 12, monga zina zochokera ku America, mabatire ake amalumikizidwa mosiyana, choncho onetsetsani musanagule fani kapena chipangizo china chilichonse.

3. Tsekani pamene mpweya ukuthawira

Thiraki imene imataya mpweya usiku imafuna mphindi zambiri m'mawa kuti mathanki adzaze mabuleki asanamasuke, ndipo pa mzere mphindi zimenezo ndi zokwanira kuti wina akulowerereni kutsogolo. N'chifukwa chake ambiri amangoisiya ikulira.

Imikani thiraki pamalo athyathyathya ndi kutsekereza matayala ndi matabwa. Lizani injini mpaka mpweya udzaze, zimitsani, masulani handibuleki, ndipo geji ikakhazikika iyang'aneni kwa mphindi imodzi. Pa mutu wokoka thirela, mpweya usatsike kupitirira 3 psi, amene ndi pafupifupi 0.2 bar (psi ndi bar ndi miyezo ya mphamvu ya mpweya yolembedwa pa geji). Pondani buleki ndi kugwiriza kwa mphindi inanso: usatsike kupitirira 4 psi. Ukatsika koposa pamenepo, tengani botolo la madzi a sopo n'kupopera polumikizira paliponse, kuyambira mapaipi opiringizika a pakati pa mutu ndi thirela, timphira ta m'milomo yake, mavavu, mpaka mabusita a mabuleki. Pamene pakuthawa mpweya mudzaona thovu likufufuma pang'onopang'ono ngati thobwa lowira, nthawi zina pa malo aang'ono kwambiri moti khutu silingamve kalikonse. Kamphira kotsika mtengo ndiko kawirikawiri kamachititsa thiraki kumwa mafuta usiku wonse.

Tsegulaninso timavavu ta pansi pa mathanki a mpweya. Mukatuluka madzi ambiri kapena oyilo, sefa youmitsira mpweya yatha ntchito ndipo iyenera kusinthidwa.

Chenjezo: musalowe pansi pa thiraki handibuleki itamasulidwa popanda matabwa otsekereza matayala, ndipo musayese kutsegula busita ya buleki yokhala ndi sipuling'i, chifukwa sipuling'iyo ili ndi mphamvu yopha munthu.

4. Dziwani mphindi zoyenera poima ndi ponyamuka

Pali choonadi m'mawu akuti injini isazimitsidwe mwadzidzidzi. Turbo, chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini, imazungulira mothamanga kwambiri ndipo imatentha koopsa, moti mukazimitsa mutangomaliza kukwera phiri ngati la Chiweta kapena la Chikwawa ndi katundu, oyilo wotsalira mkati mwake amapserera n'kuwononga mabering'i. Koma mphindi 3 mpaka 5 ndi zokwanira. Ngati mwafika pa malo oimikira mukuyenda pang'onopang'ono m'tauni, turbo yazizira kale ndipo mphindi imodzi kapena ziwiri zikwana.

M'mawa, lizani injini, onani kuti geji ya oyilo yakwera, dikirani mpweya udzaze pamene mukuzungulira thiraki kuona matayala, nyale ndi zingwe za katundu, kenaka nyamukani modekha osaponda moto kwambiri kwa makilomita oyambirira. Injini ya dizilo imafunda msanga ikamakoka kusiyana ndi pamene ikulira itaima. Ikalira nthawi yaitali yosafunda mokwanira, mafuta sapsa onse, mwaye umamatirira pa mainjekita ndi mavavu, ndipo dizilo wina amatsikira mu oyilo n'kumusungunula. Mwambo wofunditsa injini kwa theka la ola unachokera ku injini zakale, ndipo pa zamakono umangofupikitsa moyo wake.

5. Gwirizanani pa mzere wa pa chipata

Pano ndi pamene utsi umavutitsa anthu ambiri nthawi imodzi, ndiponso pamene dalaivala mmodzi payekha sangachite zambiri. Mzere wa pa Nyamapanda, Beitbridge, Zobue kapena pa doko la Beira ndi la Dar es Salaam umasuntha modukizadukiza: thiraki imodzi kutsogolo, kenaka theka la ola osasuntha. Aliyense amasiya injini ikulira kudikira mamita makumi awiri otsatira.

Ndinaimapo pa mzere wotere madzulo, n'kuona mayi wogulitsa nthochi akudutsa pakati pa mathiraki awiri, lichero lili pamutu, mwana ali kumbuyo. Ekizozi ya thiraki imodzi inali ya m'munsi, yotulukira m'mbali, ndipo utsi wake unkawomba m'miyendo mwa mayiyo n'kukwera kufika pankhope ya mwana amene anali mtulo. Dalaivala amakhala pa chipata masiku awiri kapena atatu n'kupita, koma mayi uja, anyamata osintha ndalama, alonda ndi ogwira ntchito pa chipata amapuma mpweya umenewo chaka chonse.

Mukafika, tsikani mukafunse amene ali kutsogolo kuti mzere ukuyenda bwanji. Ngati zikuoneka kuti muima kupitirira mphindi 5, zimitsani. Malire a mphindi 5 amenewa si ongopeka: ku California, m'dziko la America, ndi lamulo la mathiraki akuluakulu a dizilo. Kuliza injini yofunda kumadya mafuta ochepa kwambiri poyerekeza ndi kuisiya ikulira mphindi zonsezo.

Lankhulani ndi madalaivala asanu kapena khumi oyandikana nanu kuti muzisuntha pamodzi. Mpata ukatseguka kutsogolo, musauthamangire nthawi yomweyo. Dikirani ukule kufika pa mathiraki angapo, kenaka nonse mulize, musunthe, muzimitse. Mmodzi akhale maso kutsogolo n'kumadziwitsa anzake pa foni kapena pogogoda pa chitseko, ndipo usiku muzisinthana kuti ena agone. Chovuta chake ndi olowerera, ndipo njirayi imagwira pokhapokha wa kutsogolo kwa gululo ali munthu wolankhula, wodziwana ndi oyang'anira mzere. Sindikunena kuti idzatheka pa chipata chilichonse, koma pamene madalaivala akudziwana, monga mmene zimakhalira kwa onyamula mafuta kapena feteleza oyenda mondondozana, imatheka.

Eni katundu ndi eni thiraki ali ndi gawo lawo. Tumizani mapepala kwa ajenti wokonza za kasitomu thiraki isanafike pa chipata, ndipo msonkho ulipiridwe nthawi yabwino. Thiraki imene ikudikira mapepala ichoke pa mzere n'kukaima pa malo oimikira, itazimitsidwa. Poimika, onani kumene ekizozi yaloza, ndipo musailozetse ku malo odyera, ku nyumba za anthu kapena ku zenera la mnzanu amene wagona.

6. Gonjetsani kutentha ndi udzudzu popanda injini

Kebini yoima padzuwa ku Tete, ku Nsanje kapena ku Musina mwezi wa Okutobala imasanduka ng'anjo, ndipo chitsulo chake chimasunga kutenthako mpaka pakati pa usiku. Kutsegula mazenera kumaitana udzudzu ndi malungo, ndipo malo ena kumaitananso akuba. Dalaivala amene sanagone bwino ndi ngozi pamsewu tsiku lotsatira, kotero sitepe ili silofunika kulichita mwachinyengo. Bwana amene amaletsa eyakoni osapereka china cholowa m'malo mwake akulakwira wantchito wake.

Yambani ndi zosadula. Imikani pamthunzi ngati ulipo, galasi lakutsogolo litafulatira dzuwa la madzulo. Tchingani magalasi onse ndi zotchingira zonyezimira mukangoima, osadikira kuti mutenthe kaye. Dzuwa likalowa, tsegulani zitseko zonse ziwiri kwa mphindi zingapo kuti mpweya wotentha utuluke. Dulani zidutswa za neti zokwana mazenera ndi chitseko cha padenga, muzimangirire ndi timaginito kapena zomatira, kuti mazenera akhale otsegula pang'ono, mpata wosalowa dzanja la munthu. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, choncho chitseko cha padenga ndicho chimathandiza kwambiri. Mangani fani moloza pogona. Fani yaing'ono imadya magetsi ochepa moti mabatire abwino amaipirira usiku wonse. Pa nkhani ya akuba, ndalama yolipira malo oimikira okhala ndi mlonda imachepa poyerekeza ndi mtengo wa malita 24.

Kwa thiraki imene imadutsa m'chigwa cha Zambezi mlungu ndi mlungu, fani payokha siikwanira miyezi yotentha. Pamenepo ganizirani choziziritsira cha magetsi chomangidwa padenga, chogwira ntchito injini itazima. Chimenechi chimadya magetsi ambiri, choncho chiyenera kukhala ndi chodulira chimene chimazimitsa chokha mphamvu ya mabatire ikatsika, ndipo ndi bwino kuchipatsa mabatire akeake osiyana ndi olizira injini. Njira ina ndi kainjini kakang'ono kapambali kotchedwa APU, kamene kamayendetsa eyakoni ndi kutchaja mabatire kakumwa mafuta ochepa kwambiri kuposa injini yaikulu. Tengani maola a m'kope lija, muwerengere a mwezi wathunthu, muchulukitse ndi malita 3 ndi mtengo wa dizilo, muyerekeze ndi mtengo wa chipangizo chimene mukufuna, ndipo mudzaona nokha miyezi imene chipangizocho chidzabwezere ndalama zake.

Chenjezo: pa thiraki yonyamula mafuta kapena katundu wina woyaka, musalumikize waya wina aliyense mwachisawawa. Ntchitoyo agwire katswiri wodziwa malamulo a magalimoto otere.

7. Usiku wozizira

Ku Dedza, ku Chikangawa, ku Makambako ndi ku Johannesburg kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, koma kuzizira kwa kuno kumagonja ndi mabulangete awiri, chipewa ndi masokosi. Ofuna zoposa apo aike hita yaing'ono ya dizilo, monga za Webasto kapena Eberspächer, imene imamwa mafuta pafupifupi kota ya lita pa ola kapena ocheperapo ndipo utsi wake umatulukira kunja.

Musalowetse mbaula kapena chitofu cha gasi m'kebini kuti muothe. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali mtulo.

8. Tcherani kompyuta ya injini, ndipo gawanani phindu

Mukamaliza zonsezi, pemphani makaniko atchere kompyuta ya injini kuti izizimitsa yokha ikalira mphindi 5 thiraki itaima, ngati mtundu wa thiraki yanu umalola. Sitepe ili likhale lomaliza. Mukayamba nalo mabatire ali ofooka, dalaivala adzapeza njira yolinyengerera, monga kupanikiza kamtengo pa chopondera moto, ndipo mafuta adzatha ambiri kuposa kale.

Pitirizani kulemba m'kope, ndipo pakutha pa mwezi mwini ndi dalaivala akhale pansi n'kuyerekeza maola atsopano a pa mlungu ndi a pa mlungu m'milungu iwiri yoyamba ija. Gawo la ndalama zopulumutsidwa lipite kwa dalaivala, pa mlingo wogwirizana poyera ulendo usanayambe. Iyeyo ndi amene wagona m'chifundizi, ndipo nkhani ya mafuta ikamakambidwa ndi manambala, kukayikirana kwa masiku onse pakati pa bwana ndi wantchito kumachepa.

Nthawi zimene injini iyenera kulira

Thiraki yokhuthula yokha, yokhala ndi kireni kapena yopopa katundu imafuna injini pogwira ntchitoyo. Thiraki yokhala ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF ikayamba kudziyeretsa itaima, ilekeni imalize, koma pamalo otalikira anthu ndi udzu wouma chifukwa ekizozi imatentha kwambiri. Firiji ya thirela yonyamula zakudya ili ndi injini yakeyake, choncho ya kumutu ikhoza kuzima katundu osawonongeka.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi kusintha batire limodzi lokha pofuna kupulumutsa ndalama. Latsopanolo limafooka msanga, thiraki imakananso kulira, ndipo dalaivala amabwerera ku chizolowezi chake ali ndi umboni woti kuzimitsa n'koopsa.

Ena amalumikiza firiji, wailesi kapena chotchajira cha mavolti 12 ku batire limodzi mwa awiriwo. Zimenezi zimapangitsa mabatire kusiyana mphamvu ndipo onse amafa nthawi isanakwane. Gwiritsani ntchito kachipangizo kotsitsa magetsi kuchoka pa 24 kufika pa 12.

Pali oponda moto mwamphamvu kawiri kapena katatu asanazimitse, poganiza kuti akuthandiza injini kudzalira bwino mawa. Chimene chimachitika ndi choti turbo imatsala ikuzungulira mothamanga oyilo atasiya kufika.

Kulizira injini yaikulu kuti mutchaje foni n'kuwotcha malita atatu pa ntchito imene kabatire ka m'thumba kangagwire.

Ambiri amanyalanyaza ekizozi yobooka pansi pa kebini. Utsi wotuluka pamenepo umalowa mkati kudzera m'mipata ya pansi, ndipo dalaivala amadzuka mutu ukuwawa n'kumanamizira kutopa. Ngati mwaona mwaye wakuda polumikizira mapaipi a ekizozi, konzani ulendo usanayambe.

Pomaliza, amene mumasintha oyilo potsata makilomita okha, kumbukirani kuti maola olira thiraki itaima saoneka pa geji ya makilomita koma oyilo amawamva. Thiraki imene yakhala ikugona injini ikulira kwa miyezi yambiri isinthidwe oyilo ndi masefa poyamba ndondomekoyi, ndipo kuyambira pamenepo muzilemba maola a injini pambali pa makilomita nthawi iliyonse ikalowa m'galaja.